Adati tibwere ndi banja lonse: mfundo zofunika kuchokera ku Namitete

Okonza maphwando a maimbidwe amaidziwa bwino kalendala ya mlimi. M'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, simungawaone kuno. Koma msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo, mavenda n'kupachika masikelo awo a soya ndi mtedza m'mbali mwa msewu wa M12, mapepala olengeza maphwando amadzaza mitengo, makoma a magolosale ndi zipupa za zigayo, kuyambira pa Mpingu, Msundwe, Namitete mpaka kulowa mkati ku Nsaru ndi kwa Kabudula. Kenaka kumabwera kagalimoto kosenza chimkuzamawu, kakuzungulira tsiku la msika, ana akukathamangira m'fumbi.

Ineyo zimenezi ndimazikonda. Munthu amene wakhala chiweramire kuyambira pa nazale mpaka pomanga mabelo ayenera kupeza tsiku lowongola msana ndi kuvina, ndipo si chilungamo kuti zokoma zonse zizithera m'tauni. N'chifukwa chake m'nyengo yachisanu yapitayi, pepala lina litalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti “Bwerani ndi banja lonse”, tidakhulupirira. Tidanyamuka ine, mayi a kunyumba ndi ana, mzime ali kumbuyo. Tidabwerako usiku, ozizidwa, mitima ili yakuda. Woyimbayo, wokonza phwandolo ndi malo ake sindiwatchula, chifukwa zimene tidaonazo zimachitika m'malo ambiri a malonda, ndipo kuloza chala munthu m'modzi kungapulumutse ena onse.

1. Nthawi yolembedwa papepala ndi ngongole.

Pepala lidati zonse ziyamba 2 koloko masana. Kwa kholo, nthawi imeneyi ndiyo imalamula tsiku lonse. Nsima iphikidwe msanga, ana asambe, woyang'anira mbuzi apezeke, ndipo mumtima umawerengera kuti pofika kachisisira udzakhala uli panjira yobwerera. Titalipira n'kulowa mumpanda, tidapeza pansanja pali zii. Lole ya zida idafika dzuwa litapendeka. Anyamata adayamba kutsitsa masipika, wina akusenda nthambo ndi mano n'kumakulunga polumikizapo ndi kajumbo, wina akuthira mafuta mujenereta kuchokera m'kachigubu, akupendeketsa mosamala kuti dontho lisagwe pansi. Dzuwa lidalowa akuyesabe maikolofoni. Woyimba amene nkhope yake idali papepala adakwera pansanja 10 koloko itadutsa.

Mkulu wina amene tidayandikana naye ataona ndikuyang'ana nthawi adati, “Madala, musadabwe, imeneyi ndiye nthawi yachimalawi.” Mawu amenewa ndimawakana. Mlimi wa kwa Kalolo amafika kumunda kusanache. Odwala amakhala atandanda pa chipatala cha St Gabriel's m'mamawa kukadali mame. Mwana akachedwa kusukulu amalandira chibalo, ndipo Misa ya m'mawa sidikira munthu. Tsono Mmalawi wosadziwa nthawiyo ndi uti? Kuchedwa kwa maphwandowa nthawi zambiri kumakhala kochita kukonza. Wokonza amadikira kuti ndalama ya pachipata ikwane kaye, popeza woyimba sakwera pansanja asanalandire zake. Wogulitsa mowa amasangalala anthu akatopa ndi kudikira, chifukwa wodikira ndiye amagula. Ndiye pena woyimbayo amakhala wavomera maphwando awiri tsiku limodzi, la masana m'tauni ndi lathu la kumudzi, ife n'kulandira makombo.

Akuluakulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, pofuna kutikumbutsa kuti mawu akatuluka amalemera. Wamkulu atha kulimba mtima n'kudikira. Thupi la mwana lili ndi nthawi yakeyake: njala ikafika yafika, tulo tikabwera tabwera, ndipo mphepo ya mu Juni kuno sisankha kuti uyu walipira. Wolemba 2 koloko akudziwa mumtima kuti ayamba usiku wanamiza anthu onse, koma wozunzika kwambiri ndi bodzalo ndi mwana.

2. Ndalama ya pachipata idachokera m'munda.

Wolandira ndalama pachipata amangoona mapepala akulowa m'chikwama. Sadziwa kuti mapepalawo m'mawa mwake adali ndowa ya mtedza, ndipo mtedzawo adaukumba ndi anthu, n'kuuthothola, n'kuusenda mpaka zala kutupa. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiyambire pamenepo palibe banja la kumudzi limene limatulutsa ndalama osaiwerenga kawiri. Banja likasankha phwando ndiye kuti lasiya china: sopo, makope a ana, kapena kachigawo ka ndalama ya feteleza.

Nanga lagula chiyani? Papepala adajambulapo bandi yathunthu, ng'oma, magitala ndi kiyibodi. Pansanja padafika munthu m'modzi ndi mnyamata wa laputopu. Nyimbo zinkachokera mufulashi, mawu ake omwe adajambula mu situdiyo akumveka okha, iye akungoponyamo liwu apa ndi apo n'kumatilamula kuti tikweze manja. Nyimbo iliyonse ankaidula pakati isanafike pokoma. Zomwezo timazimva pa wailesi ndi m'mafoni popanda kulipira, tili pakhonde pathu, titafunda.

Amalawi tidaleredwa ndi maimbidwe a mtundu wina. Alleluya Band ya ku Balaka, yomwe idayamba mu 1978, malemu Lucius Banda ndi Zembani Band, komanso Black Missionaries ya ku Chileka, adatiphunzitsa kuti phwando ndi thukuta la pansanja, maola angapo zida zikulira pamaso pa anthu. Lucius atamwalira pa 30 Juni 2024, anthu a m'midzi adamulira ngati mbale wawo, ndipo ndikhulupirira kuti chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti akafika kwa iwo ankawagwirira ntchito yofanana ndi imene ankagwirira a m'tauni.

Oyimba nawo ali ndi zawo zowawa, ndipo sindingazibise. Kunyamula bandi yonse kumafuna lole, mafuta omwe pena amasowa, ndi malipiro a anthu angapo. Nyimbo zawo zimakopedwa m'tinyumba ta pamsika pa mtengo wa mandasi, iwo osaonapo kanthu, ngakhale bungwe la COSOMA lakhala lilipo chiyambire 1992 kuti liziteteza ntchito zawo. Ena amafika pamalo n'kupeza wokonza phwando wathawa ndi chikwama. Zonsezi n'zoona. Koma wobwezera zowawazo asakhale mayi wa ku Msundwe amene wagulitsa nkhuku kuti ana ake aone bandi. Ngati mukubwera ndi fulashi, lembani choncho, mtengo utsike, wofuna abwere akudziwa. Lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa kutsatsa malonda monyenga. Wojambula bandi papepala n'kubweretsa laputopu sasiyana ndi venda wopotoza sikelo, ndipo tonse timadziwa dzina limene timamutcha venda wotero.

3. Woitana mwana wasenza udindo wa mwanayo.

Mfundo zinazo zikadandipweteka pang'ono chabe pakadapanda iyi.

Tebulo la mowa lidali pakhomo penipeni, moti mwana aliyense wolowa ankayenera kupyola pakati pa anthu akumwa. Padali makireti, padalinso timabotolo ta mowa waukali tomwe tidalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa. Anyamata a msinkhu wa Fomu 2 ankagula popanda wowafunsa zaka. Chimbudzi chidali chimodzi, chopanda chitseko chenicheni, ndiye kutangoda amuna adayamba kutayira madzi pampanda, pafupi ndi pomwe amayi adayala zitenje kuti ana akhalepo.

Ndiye pofuna kuti anthu asatope ndi kudikira, woulutsa mawu adaitana atsikana aang'ono kuti akwere pansanja, apikisane kudukula. Amuna oledzera adakhamukira kutsogolo, akuponya ndalama, akukuwa mawu amene sindingawalembe pano. Kamtsikana kena kadaima chilili pakati pa nsanja, maso akufunafuna mayi ake m'chikhamu, anthu akukakuwiza kuti kakuchedwetsa mpikisano. Mwana wanga wamkazi adandigwira dzanja mwamphamvu n'kufunsa, “Ababa, nanenso andiitana?” Ndidamuyankha kuti palibe amene amuitane ine ndili pomwepo. Koma kamtsikana kadali pansanjako nakonso kadali mwana wa munthu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Malamulo pa nkhaniyi alipo. Mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale aliyense wosafika zaka 18. Tili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010. Kugulitsa mowa kwa munthu wosafika zaka 18 n'koletsedwa. Pali nambala yaulere ya 116 yoimbira mwana akamachitiridwa nkhanza. Usiku umenewo apolisi adalipo, koma maso awo adali pachipata, kulondera ndalama.

Wina adzati ndikudziyeretsa, popeza Achewa sitidayambe lero kuvina chiuno kapena kuyimba nyimbo zolaula. Inde, sitidayambe lero. Nyimbo za kuchinamwali n'zolemera, ndipo zina za kugule sungaziyimbe pamaso pa apongozi. Koma chilichonse chidali ndi malo ake ndi eni ake. Zakutsimba zidali m'manja mwa anamkungwi, ndipo mwana wosatha msinkhu sankapondako. Pabwalo la gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, amayi ndi ana amakhala mbali yawo, abambo mbali yawo, atsabwalo akuyang'anira dongosolo, ndipo chikalakwika aliyense amadziwa mfumu yokayankha mlandu. Chimtali ndi mganda ankavina dzuwa likuswa mtengo, agogo ali pamphasa, adzukulu ali pamiyendo. Mowa wamasese udali ndi pake pomwera. Makolo athu sadali amanyazi ndi thupi, koma adadziwa kusiyanitsa za masana ndi za usiku, za ana ndi za akulu.

Wokonza phwando lija adasakaniza zonsezi mumpanda umodzi. Mawu oti banja lonse adawalemba kuti mitu ichuluke pachipata, osati chifukwa adakonzera mwana malo okhala, madzi akumwa kapena nyimbo yoti amve. Wofuna phwando la akuluakulu ali ndi ufulu wolichita. Alembe choncho, ndipo mwana akafika pachipata ambweze ngakhale wanyamula ndalama m'manja. Koma ukangoti ana abwere, zimene maso awo aone ndi zimene makutu awo amve zili pamutu pako, chimodzimodzi mwini nyumba amene walandira mwana wa mlendo.

4. Kukuwa kwa masipika si kukoma kwa nyimbo.

Phokoso lidali logunda pachifuwa, koma mawu a nyimbo osamveka, masipika akungong'aluka. Mzime wathu adatseka makutu ndi tizikhatho take mpaka mayi ake adamufunditsa chitenje kumutu. Kutsogolo kwenikweni kwa sipika kudaima amayi obereka makanda. Mu Malichi 2022 bungwe la zaumoyo la WHO lidatulutsa muyezo woti pamalo a zisangalalo phokoso lisapitirire madesibelo 100, ndipo lidachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali pachiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha phokoso lotere. Makutu akamalira okha m'mawa mwake ndiye kuti avulala, ndipo timinyewa ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Khanda silingathawe kapena kudandaula. Wolibereka ndiye ayenera kuima kutali.

5. Musanayang'ane pansanja, yang'anani chipata.

Woyimba ali pakati pa nyimbo, jenereta idatsokomola kawiri n'kuzima. Mdima udagwa bii. Anyamata amene adakhala kunja chifukwa chosowa ndalama adaona kuti mwayi ndi womwewu, adayamba kuthyola mpanda. A m'kati adayamba kukankhana, ena kuthamangira kunsanja, ena kuchipata. Mayi wina adakuwa kuti foni yake yapita. Chipata chidali chimodzi, chopanikiza moti ankadutsa munthu m'modzim'modzi, chifukwa adachimanga poganizira wozemba kulipira, osaganizira khamu lofuna kutuluka nthawi imodzi. Ndidakokera ana pakona, ine ndi mayi awo n'kuwatchinga ndi matupi athu mpaka magetsi adayakanso.

Mumdima umenewo ndidakumbukira 6 Julayi 2017. Tsiku limenelo, dziko likukondwerera zaka 53 za ufulu wodzilamulira, anthu 8 adafa pa Bingu National Stadium ku Lilongwe atapondedwa pachipata, ndipo 7 mwa iwo adali ana. Zipata zidachedwa kutsegulidwa, khamu lidatopa n'kuyamba kukankhana, apolisi n'kuthira utsi wokhetsa misozi. Ana amenewo adanyamuka kwawo atasamba, atavala zabwino, akupita kukasangalala. Zimene zidawapha, kudikiritsa anthu nthawi yaitali ndi kupanikizana pachipata, ndi zomwezo zidali mumpanda mwathu muja. Kuchepa kwa malo sikuchepetsa ngozi, chifukwa mwana wogwa pansi anthu akuthamanga safuna anthu masauzande kuti aphedwe.

Kholo likalowa pamalo otere lifufuze kaye kotulukira kwachiwiri. Ngati kulibe, likhale cham'mbali, osati pakati. Ana auzidwe pokakumana akasochera, wamkulu pang'ono aloweze nambala ya foni ya bambo kapena mayi, ndipo tochi ikhale m'thumba. Izi si za mantha. Nafenso pokwera minibasi timayang'ana matayala.

6. Zokoma zidali kwa akalambulabwalo.

Sindinganene kuti tsikulo lidalibe chabwino. Chakumadzulo, anthu akadali ochepa, okonza phwando adaitana anyamata atatu a m'dera lathu lomwe lino kuti alambule bwalo. M'modzi adali ndi gitala wopanga yekha, wa chitini cha mafuta ophikira, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga. Wina adakhalira babatoni, chibokosi cha chikopa cha ng'ombe chokhala ndi nsambo imodzi, akuchikoka mpaka kumveka m'mimba. Wachitatu ankamenya kang'oma ndi chidendene. Adayimba za venda wa soya, za mkamwini waulesi, za mlamu wopita ku Joni osatumiza uthenga. Mawu onse ankamveka. Amayi adaimirira n'kumanga zitenje m'chiuno, ana athu adavina mpaka fumbi kobo, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndidawaona akuseka. Woulutsa mawu adawadula pakati pa nyimbo, akuti nthawi yawo yatha, pomwe padalibe woyimba wina wokwera pansanja kwa maola angapo otsatira.

Akutsika ndidamupeza wa gitala uja. “Achimwene, mwatisangalatsa. Akupatsani zingati?” Adamwetulira n'kuti, “Atiuza kuti tithokoze potipatsa mpata, madala.”

Timanyoza zathu mpaka alendo atiuze kuti n'zabwino. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band adakhala zaka akuyimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni, anthu akuwadutsa. Mu 2017 adakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenaka n'kuyamba kuzungulira maiko a ku Ulaya, ndipo pamenepo m'pamene ambiri kuno adatsegula makutu. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, adalandira ulemu wa m'badwo uno ali ndi zaka 90, Patience Namadingo atajambula nawo mu 2020. Anyamata a chitini aja mwina sadzafika ku Zanzibar, koma tsiku limenelo ndi iwo okha amene adagwira ntchito imene tidalipira, ndipo adapita kwawo wapansi, manja ali m'thumba mopanda kanthu. Kufupa kumene timachita pa chinkhoswe kapena pagule tikadakuchita pamenepo, bwenzi atapeza ya sopo.

7. Kunyamuka phwando lisanathe si kutaya ndalama.

Magetsi atayakanso, mayi a kunyumba adandikodola. “Bambo a ana, tiyeni tizipita. Ana awa azizidwa, ndipo zimene zatsala pano si zawo.” Tidanyamuka. Mabanja ena tidawasiya, ana atagona pazitenje pafupi ndi mapazi a anthu ovina, makolo akuti sangachoke poti adalipira kale. Koma ndalama ija idapita pamene idalowa m'chikwama cha pachipata. Kukhalabe kumangowonjezera chitayiko china pamwamba pake: chifuwa cha mwana, tulo take, ndi ulendo wa pakati pa usiku.

Ulendo umenewo okonza maphwando sauwerengera. Usiku wakabaza amakweza mtengo, ndipo ena mwa iwo amakhala atalawako. Msewu wa M12 umakhala wa malole opita ndi kuchokera kuchipata cha Mchinji, njinga zopanda nyali zikuyenda m'mphepete momwemo. Ife kwathu n'kufupi. Nanga amene adachokera ku Nsaru kapena kwa Kabudula, atakwezana banja lonse panjinga yamoto imodzi, mwana wina pathanki, wina pakati?

Tili panjira, mwana wachisamba, amene adalimbikira mayeso a teremu pomva kuti akakhoza tidzapita kukaona bandi, adafunsa, “Ababa, bwanji atinamiza?” Yankho lapafupi lidalipo, lomwe ambiri timapereka: ndi mmene zimakhalira kuno. Yankho limeneli ndi loopsa kuposa phwando lonse lija. Limauza mwana kuti mawu a munthu wamkulu alibe kulemera, kuti wa kumudzi ayenera kulandira chilichonse mwakachetechete, ndiponso kuti iyeyo akadzakula akhoza kuchita zomwezo. Ndidamuuza kuti anthu aja alakwa, kuti wolonjeza n'kulephera amayenera kupepesa ndi kubweza, ndipo kuti kukwiya kwake n'koyenera. Mwana amaiwala nyimbo, koma saiwala mmene makolo ake adatchulira chinthu choipa, kaya adachitcha choipa kapena adachiphimba.

8. Bwalo lili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi ofikirika.

M'mawa mwake nkhani idali ponseponse, pachigayo, pamjigo, pa chiwaya cha tchipisi. Aliyense adadandaula, kenaka aliyense adabwerera ku ntchito zake. Wokonza phwando amadalira zomwezo. Amadziwa kuti pofika nyengo ina yokolola tidzakhala titaiwala, ndipo adzangosintha mtundu wa pepala.

Komatu munthu ameneyu sachitira phwando m'malere. Amabwereka bwalo la sukulu, la mpingo, la mudzi kapena la mwini malo ogona alendo. Amafuna chilolezo, popeza lamulo loyang'anira zisangalalo la 1968 likadalipo. Amalemba ganyu apolisi. Aliyense wa anthu amenewa timakumana naye kutchalitchi, kumzikiti, kumaliro ndi pamsonkhano wa makolo. Woyimba wa m'tauni sitingamupeze, koma wapampando wa komiti ya sukulu ndi nyakwawa timawadziwa pakhomo pawo.

Tisanamizidwe kuti dongosolo limafuna chuma chambiri. Ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, mlakatuli Menes la Plume adayambitsa Tumaini Festival mu 2014. Kulowa n'kwaulere, anthu miyandamiyanda amafika, ndipo makolo amapitako ndi ana awo dzuwa likuwala. Ngati zikutheka pamalo a anthu amene adataya zonse, ku Namitete zingakanike bwanji?

Chimene ndikupempha eni mabwalo n'chakuti asamangolandira ya lendi n'kutembenuka. Wobwereka bwalo asaine pamaso pa komiti kuti phwando loitana ana liyamba nthawi yolembedwa ndipo gawo la ana litha dzuwa lisanalowe. Mowa ugulitsidwe kunja kwa mpanda. Zipata zikhale ziwiri, zimbudzi za amayi padera, ndipo mwana asakwere pansanja kukavinira anthu oledzera. Akalambulabwalo a m'deralo alandire kangachepe asanayambe kuyimba. Papepala palembedwe dzina ndi nambala ya foni ya wokonza, kuti tidziwe womufunsa. Ndipo asiye ndalama ya chikole m'manja mwa msungichuma wa komiti mpaka m'mawa mwake. Akasunga pangano, chikole chake atenge chonse. Akaphwanya, chisabwezedwe, chikagule choko ndi makope pa sukulu imene bwalo lake adalidetsa.